NKHUKU IKADWALA

Ana inu, palibe mudzi m'dziko lathu lino wopanda nkhuku. Tambala ndiye atidzutsa m'banda kucha, ndipo thadzi ndi anapiye ache ayendayenda pabwalo tsiku lonse kufunafuna chakudya. Mlendo akafika, amai agwira nkhuku kuti ikhale ndiwo yache. Mwana akasowa buku kapena cholembera, atate agulitsa tambala, napeza ndalama. Munthu wodwala apatsidwa mazira ndi msuzi wa nkhuku kuti mphamvu zibwerere m'thupi. Chotero nkhuku, ngakhale iri yaing'ono, ndiyo chuma cha aumphawi, ndipo mwana yemwe akhoza kukhala nayo yacheyache.

Koma taonani chodabwitsa. Ng'ombe ikadwala, banja lonse lida nkhawa. Mbuzi ikatsimphina, mwini wache aigwira, naiyang'ana chiboda. Koma nkhuku ikakhumata pansi pa nkhokwe, anthu ambiri angoipitirira, nati, "Ndi nkhuku chabe." M'mawa mwache aipeza yafa, ndipo pakutha sabata khola lonse liri pululu. Tsono tiyeni tiphunzire m'mene tingazindikirire nkhuku yodwala, ndi zimene tiyenera kuichitira.

1. Dziwani nkhuku zanu zisanadwale

Nkhuku siikhoza kunena kuti, "Ndikumva kuwawa." Ndiponso ibisa nthenda yache monga ingathe. Chifukwa chache nchichi: pakati pa nkhuku pali akulu ndi ang'ono, ndipo yamphamvu ijompha yofooka, niipitikitsa pa chakudya. Kabawi m'mwamba ndi vumbwe m'thengo nazonso ziyamba kugwira imene ioneka yolefuka. Motero nkhuku yodwala iyesetsa kuyenda ndi zinzache, nichita ngati ikudya, kufikira mphamvu zache zitatha. Pamene munthu wosasamala aizindikira, nthenda yapita kale patali.

Nanga tidzadziwa bwanji msanga? Akulu anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Mwana amene atsegula khola yekha m'mawa, naima pang'ono kupenya m'mene zitulukira, adziwa makhalidwe a iri yonse. Adziwa imene ithamanga patsogolo, imene ikonda kupalasa kudzala, ndi imene iopa zinzache. Tsiku limene ya patsogolo ija itsala m'khola, iye adziwa pomwepo kuti kanthu kalakwika.

Nkhuku yamoyo iri ndi maso owala, lipombo lofiira ndi nthenga zosalala. Ipalasa, isamba m'fumbi, nikonza nthenga zache ndi mlomo. Koma yodwala ikhala payokha, itsinzina ndi kuodzera usana, igwetsa mapiko ndi mchira, ndipo nthenga zache zinyankhalala. Yina ituluka mamina m'mphuno, kapena ipuma ndi kukamwa koyasama. Zitosi zache zikhoza kukhala zamadzi, zobiriwira, kapena zamagazi, ndipo nthenga za kumbuyo zidetsedwa nazo.

Manja anu nao akhoza kukuuzani zambiri. Papasani chithokomiro, ndilo thumba lija la pansi pa khosi m'mene chakudya chiyamba kusonkhana. Madzulo chiyenera kukhala chodzala, m'mawa chopanda kanthu. Mukachipeza chopanda kanthu madzulo, nkhukuyo siinadye. Mukachipeza chotupa m'mawa, chakudya sichikuyenda m'mimba. Papasaninso fupa la pachifuwa. Likamveka lakuthwa ngati mpeni, nkhuku yaonda, ngakhale nthenga zibisa kuondako.

2. Zoyamba kuchita

Chinthu choyamba ndi chachikulu koposa ndicho kuipatula. Nthenda zambiri za nkhuku ziyenda kuchoka kwa yina kunka kwa inzache, ndiponso zinzache zidzaijompha ndi kuilanda chakudya. Ikani yodwalayo pansi pa dengu lalikulu kapena m'kakhola kachekache, kutali ndi khola lalikulu, koma osati m'nyumba yogona anthu. Yalani udzu wouma pansi. Tsiku ndi tsiku chotsani udzu wodetsedwa, muutenthe, ndi kuyala wina.

Poigwira musaithamangitse pabwalo ponse, pakuti kuthamanga kuitheratu mphamvu. Kuli bwino kuigwira madzulo italowa m'khola, chifukwa nkhuku siiona bwino mumdima ndipo ikhala phee. Ikani manja onse awiri pamsana pache, mupanikize mapiko pang'ono kuti isakupize, ndipo muinyamule mochinjiriza pachifuwa panu. Musaigwire miyendo mutu uli pansi monga achita onka nazo kumsika, chifukwa potero ivutika kupuma.

Thupi la nkhuku ndi lofunda kuposa lathu. Lathu lifunda madigiri 37, la nkhuku ngati 41. Nkhuku yodwala, imene siidya, imva chisanu msanga. Chifukwa chache pa nyengo yozizira fundikani dengu ndi chiguduli usiku, koma musiye mpata wolowera mpweya. Pa nyengo yotentha ikani dengu pamthunzi, pakuti nkhuku siituluka thukuta monga ife, ndipo dzuwa likhoza kuipha.

Madzi aposa chakudya. Nkhuku ikhoza kupirira njala masiku angapo, koma ludzu liigwetsa msanga, makamaka ikamatsegula m'mimba. Ikani madzi oyera m'phale lotsuka bwino, ndipo ngati yafooka kwambiri sungunulanimo shuga pang'ono. Ikakana kumwa, viikani nsonga ya mlomo wache m'madzi, ndi kuisiya kuti iweramutse mutu nimeze yokha. Musayasamitse kukamwa kwache ndi kuthiramo madzi, chifukwa khomo la njira ya mpweya liri kumbuyo kwa lilime. Madzi akalowa m'menemo nkhuku itsamwa, ndipo ikhoza kufera m'manja mwanu.

Chakudya chache chikhale chofewa: madeya onyowetsa, phala lozizira, dzira lophika ndi kulinyenya, chiswe, ndi masamba odula ting'onoting'ono. Ipatseni pang'ono pang'ono, kangapo pa tsiku, ndi kutaya chotsala chisanasase. Phale lache likhale lachelache. Yambani kudyetsa zamoyo, ndipo mutsirizire yodwala. Mukatero sambani m'manja ndi sopo, kuti musanyamule nthenda kunka nayo kukhola.

Musaipatse mankhwala a anthu amene atsala m'nyumba. Ena a iwo saithandiza konse, ena aiononga. Uzani makolo anu kuti afunse mlangizi wa ziweto, amene anaphunzira za nthenda zimenezi. Kumbukirani mau aja akuti, "Safunsa anadya phula."

3. Chitopa, mdani wamkulu

Pa nthenda zonse za nkhuku palibe yoopsa ngati chitopa, chimene ena achitcha chideru. Anthu ophunzira anayamba kuchizindikira m'chaka cha 1926, pa chisumbu cha Java ndi pafupi ndi mzinda wa Newcastle ku England, ndipo m'Chingerezi achitcha ndi dzina la mzinda umenewo kufikira lero. Chidza ndi kachirombo kotchedwa vairasi, kakang'ono ndithu kosaoneka ndi maso. Kachiromboka kakhala m'mpweya, m'mamina ndi m'zitosi za nkhuku yodwala. Kayenda ndi nkhuku yogula kumsika, ndi dengu lonyamulira nkhuku, ndi mapazi a anthu. Kwathu kuno chivuta kwambiri m'miyezi yotentha, mvula isanagwe.

Kachiromboka kakalowa m'thupi, kawirikawiri papita masiku 5 kapena 6 nthenda isanaoneke. Pamenepo nkhuku zambiri zidwala nthawi imodzi. Zigwetsa mapiko ngati munthu wofunda nsaru, zitsegula m'mimba zobiriwira, zipuma mobanika, ndipo zina zipotoka khosi, nizizungulira pamodzimodzi. Pakati pa nkhuku zosalandira katemera chitopa chikhoza kupha pafupifupi zonse.

Tiyenera kunena zoona: palibe mankhwala ochiza chitopa. Pali zinthu zambiri zimene anthu asungunula m'madzi, monga tsabola ndi makungwa a mitengo, koma sizipha kachirombo kameneka. Chimene chithandiza ndicho katemera, amene aphunzitsa thupi la nkhuku kulimbana ndi nthendayo isanafike. Katemera wodziwika m'midzi yathu atchedwa I-2. Anapangidwa poyamba ndi anthu ophunzira a ku yunivesite ya Queensland, m'dziko la Australia, ndipo ubwino wache ngwakuti apirira kutentha kuposa akatemera ena, ngakhale ayenera kusungidwa pozizira ndi pamthunzi. Kaperekedwe kache nkosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi, kwa tambala, thadzi ndi mwanapiye yemwe. Mphamvu yache iyamba kukhwima patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ichepa patapita miyezi. Ndicho chifukwa chache abwerezedwa pa miyezi 4 iri yonse, ndiko kunena katatu pa chaka.

Katemera sachiza nkhuku imene yadwala kale. Munthu amene adikira kufikira nkhuku za mnansi wache ziyamba kufa wachedwa. Ndiponso nkhuku za m'mudzi zipalasa pamodzi, sizidziwa malire a mabwalo. Mutu umodzi susenza denga: kuli bwino kuti mabanja onse apangane tsiku limodzi, atsekere nkhuku zao usiku, ndipo wopereka katemera azipeze m'khola m'mamawa.

Pali malamulo ena atatu amene mwana ali yense akhoza kukumbutsa a kwao. Loyamba, nkhuku yachilendo, kaya yogula kaya yopatsidwa, ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzache. Lachiwiri, nkhuku zikayamba kufa, musathamangire nazo kumsika kukagulitsa zotsala, pakuti potero mugulitsa nthenda kwa anzanu. Lachitatu, nkhuku yofa ndi nthenda isadyedwe, ndipo isatayidwe kudzala kumene agaru aikoka. Ikwiriridwe m'dzenje lakuya, kapena itenthedwe pamodzi ndi nthenga zache.

4. Nthenda zina zimene tikhoza kuthandiza

Si nkhuku iri yonse yokhumata imene iri ndi chitopa. Zambiri zidwala nthenda zimene zichira ngati mwini wache asamala.

Nthomba ya nkhuku ioneka ndi timatuza pa lipombo, pankhope ndi pa zikope, timene tisanduka nkhanambo zakuda. Udzudzu ndiwo uinyamula kawirikawiri. Nkhuku zambiri zichira patapita masabata angapo, koma anapiye afa chifukwa nkhanambo zitseka maso, ndipo saona chakudya. Musasende nkhanambozo. Tsukani zikope pang'ono pang'ono ndi kansaru koviika m'madzi owiritsa ndi kuziziritsa, ndipo ikani chakudya ndi madzi pafupi ndi mlomo wache. Nthomba ikalowa m'kamwa ndi kukhosi ndiyo yoopsa, ndipo pamenepo itanani mlangizi.

Utitiri umamatira kuzungulira maso ndi pa lipombo, nuoneka ngati timadontho takuda. Uyamwa magazi usana ndi usiku, ndipo mwanapiye akhoza kufa nao. Pakani mafuta okhuthala monga Vaseline pamene wamamatira, mosamala kuti asalowe m'diso, ndipo utitiri ufa posowa mpweya. Koma mazira ache agwera m'fumbi la m'khola. Tsono sesani khola, tenthani udzu wakale wa m'zisa, ndi kuwaza phulusa pansi. Tizirombo tina tibisala m'ming'alu usana, nitituluka usiku kudzaluma nkhuku, ndipo ndicho chifukwa chache nthawi zina nkhuku zikana kulowa m'khola, nizigona mumtengo. Matani ming'alu yonse ndi dothi. Ikaninso phulusa losakaniza ndi mchenga pamalo ouma kuti zizisambamo. Miyendo ikatupa mamba nikhala yokakala, muli tizirombo pansi pa mambawo. Itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo, ndi kuipaka mafuta kawirikawiri kufikira isalala.

Nkhuku imene idya bwino koma ingoondabe, kawirikawiri iri ndi njoka za m'mimba. Anapiye amene atuluka zitosi zamagazi agwidwa ndi tizirombo timene tichuluka m'khola lonyowa ndi lodzala zitosi. Nthenda ziwirizi ziri ndi mankhwala ache, amene mlangizi awadziwa. Ntchito yanu ndiyo kusunga khola louma ndi kutsuka phale la madzi tsiku ndi tsiku.

Nkhuku yolumidwa ndi garu kapena yokandidwa ndi kabawi iyenera kupatulidwa msanga, chifukwa zinzache zikaona magazi zijompha pomwepo. Tsukani bala ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, dulani nthenga zozungulira, ndi kuteteza bala ku ntchentche. Khungu la nkhuku lipola msanga kuposa m'mene ambiri aganizira.

5. Dzisamaleni inunso

M'zitosi za nkhuku, ngakhale yooneka yamoyo, mukhoza kukhala tizirombo totsegula m'mimba mwa anthu, makamaka makanda amene akwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Chifukwa chache nkhuku zigone m'khola lao, osati m'nyumba, ndipo pabwalo pasesedwe. Musapsompsone nkhuku kapena kuiika kumaso, ndipo sambani m'manja musanadye. Palinso nthenda yina, chimfine cha mbalame, imene ifanana ndi chitopa koma ikhoza kugwira munthu. Mukaona nkhuku zambiri kapena mbalame za m'thengo zitafa mwadzidzidzi, musazigwire. Uzani akulu kuti akanene kwa mlangizi wa ziweto.

6. Nkhuku idziwa woisamala

Ena ayesa kuti nkhuku iribe nzeru. Koma tcherani khutu. Thadzi lifungatira mazira masiku 21, ndipo asanaswe anapiye ayamba kulira m'kati mwa dzira, mai wao nawayankha. Tambala akaona kabawi alira kulira kwina, ndipo nkhuku zonse zithawira pansi pa chitsamba. Akaona garu alira kwinanso, ndipo zonse ziweramutsa mitu kuyang'ana pabwalo. Akapeza chakudya aitana matadzi ndi mau ena. Cholengedwa chotere chidziwanso mau ndi mayendedwe a munthu amene achidyetsa.

M'mudzi wina munali msungwana amene agogo ache anampatsa msoti. Tsiku lina garu anauluma pamsana, ndipo unagona pansi pa nkhokwe osadya. Mlongo wache anati, "Tingoupha, tidye ndiwo lero." Msungwanayo anapita kwa agogo ache misozi iri m'maso, nati, "Agogo, kodi msoti wanga ufa?" Agogowo anaupenya bwino, nayankha, "Iai, mdzukulu wanga, iri ndi bala chabe, si chitopa. Tenga dengu lija, uwiritse madzi, ndikuonetse."

Kuyambira tsiku lomwelo msungwanayo anatsuka balalo m'mawa asanapite kusukulu, ndi madzulo atabwerako. Masiku awiri oyamba msotiwo unangomwa madzi. Tsiku lachitatu unajompha phala pa chala chache. Iye anakhala pansi pambali pa dengu, nalankhula nao motsitsa mau, wosachita phokoso kapena kudzidzimutsa. Patapita masabata awiri bala linapola, ndipo anautulutsa. Koma msotiwo sunaiwale. Unamlondola kumunda ndi pamtondo, ndipo pamene anakhala pamphasa unadza kudzakhala pa mapazi ache. Pamene unakula nuswa anapiye, unajompha ali yense wofika pafupi, koma mwini wache unamlola kuwagwira. Mwa anapiye amenewo munatuluka tambala amene anagulitsidwa, ndipo ndalama zache zinagula mabuku a msungwanayo.

Inunso mukhoza kuzoloweza nkhuku zanu chomwecho. Zidyetseni pa nthawi imodzimodzi, muziitane ndi mau amodzimodzi, ndipo khalani pansi ndi chimanga m'dzanja kufikira zidza zokha. Musaziponye miyala kapena kuzithamangitsa posewera. Kuzoloweza kumeneku kuli ndi phindu, chifukwa nkhuku yosaopa munthu igwidwa mosavuta pa tsiku la katemera, ndipo ikadwala ilola kusamalidwa.

Koma si yodwala iri yonse imene ichira. Nthawi zina mudzachita zonse zoyenera, ndipo idzafabe. Ngati nkhuku ivutika kwambiri, yosakhoza kuima kapena kumwa, uzani akulu kuti aiphe msanga niikwiriridwe, pakuti kuisiya m'zowawa si chifundo. Mukamva chisoni musachite manyazi, chifukwa munaikonda. Pamenepo sesani khola, tenthani udzu, tsukani maphale, ndi kupenya bwino zotsalazo m'mawa mwache.

Mafunso

1. Chifukwa ninji nkhuku ibisa nthenda yache?
2. Tchulani zizindikiro zinai za nkhuku yodwala.
3. Kodi chinthu choyamba kuchitira nkhuku yodwala nchiani?
4. Chifukwa ninji sitiyenera kuthira madzi m'kamwa mwa nkhuku?
5. Katemera wa chitopa aperekedwa kangati pa chaka, ndipo aperekedwa bwanji?
6. Nkhuku yachilendo iyenera kukhala payokha masiku angati?
7. Mawa m'mawa tsegulani khola la kwanu, muwerenge nkhuku zonse, ndipo mudzauze aphunzitsi imene inayamba kutuluka ndi imene inatsirizira.